Kukhoma boti la matabwa, kuyambira pa msana mpaka kuligwetsera m'madzi

Mukafika pa doko la Makawa kapena la Msaka ku Mangochi m'mamawa, asodzi a ukonde wa chilimira akubwerako, onani zimene zikukocheza. Mabwato osema alipo ndithu, koma katundu weniweni, ukonde, injini, anyamata ndi usipa wa usiku wonse, amabwera m'boti la matabwa. Mitengo ikuluikulu yosemera bwato inatha m'mbali mwa nyanja muno, ndiye mmisiri wokhoma maboti sagona ndi njala. Ine ntchitoyi ndinaiphunzira kwa amalume anga. Chaka choyamba changa chinali chowagwirira thabwa ndi kuwongola misomali basi. Sowo ndinaigwira mochedwa.

Ndilongosola za boti la mamita 7, lija lokwanira injini ya mahatchi 15. Likakula kapena kuchepa, miyeso imasintha koma ndondomeko ndi yomweyi: msana (mtengo wa pansi penipeni pa boti), nthiti, kenako khungu la matabwa. Ngakhale sitima yachitsulo ya Ilala, imene inabwera zidutswazidutswa kuchokera ku Scotland n'kudzalumikizidwa ku Monkey Bay mpaka kulowa m'madzi mu 1951, ili ndi msana ndi nthiti. Kusiyana kwake n'kwakuti chitsulo sichimwa madzi. Thabwa limamwa. Likamwa limatupa, likauma limafota, ndipo limachita zimenezi mpaka tsiku limene lidzasanduke nkhuni. Amalume ankati thabwa silifa, limangogona. Zonse zili m'munsimu zikuchokera pamenepo.

Choyamba, khalani pansi ndi mwini boti

Funsani kumene botilo likagwire ntchito. La ku Malombe, kumene madzi ndi osaya ndipo mafunde ndi ofatsa, likhoza kukhala la pansi pophwatalala ndi m'mbali mofupikirapo. La kunyanja yaikulu limakumana ndi mwera wa Juni ndi Julayi, choncho limafuna mphuno yokwera, yong'amba mafunde, ndi m'mbali motalika. Lonyamula anthu ndi matumba a chimanga kupita ku Makanjira limafuna mimba yaikulu. Kwa boti la mamita 7, m'lifupi mwake pamimba pakhale mamita 1.8 mpaka 2. Mukachepetsa pamenepa lithamanga bwino, koma anyamata akaima mbali imodzi kukoka ukonde lidzapendama moopsa.

Zandalama lembani papepala, pakhale mboni. Zambiri sindinena.

Chachiwiri, matabwa

Apa m'pamene boti limapangika kapena kuwonongeka, msomali usanalowe ndi umodzi womwe.

Mlombwa ndiye mfumu ya matabwa a boti. Sufota kwambiri, supotoka, ndipo mtima wake suwola msanga. Mbawa imatsatira: imapalika bwino, imapereka matabwa aatali ndi otambalala. Akuluakulu amakumbukira maboti a mkungudza wa ku Mulanje, mtengo wonunkhira umene chiswe chimauthawa, koma mkungudza unadulidwa mpaka kutsala pang'ono kutheratu ndipo ndi woletsedwa. Wina akakunong'onezani kuti ali nawo, musiyeni apite. Mlombwa ndi mbawa nazonso ndi mitengo yotetezedwa. Gulani kwa munthu amene ali ndi zikalata zochokera ku Dipatimenti ya Nkhalango, chifukwa matabwa otuluka usiku m'nkhalango ya Phirilongwe kapena ya Namizimu amathera pa rodibuloko, ndalama zanu n'kupita nawo.

Masiku ano ambiri akukhoma ndi bulugamu ndi paini poti ndi zimene zikupezeka. Bulugamu wokhwima ndi wolimba, amachita bwino pa msana ndi nthiti, koma ndi wolemera ndipo amang'aluka akauma mothamanga. Paini ndi wopepuka, wosavuta kupinda, koma m'madzi amawola msanga ngati sanamwe mankhwala. Mwini boti akasankha paini, muuzeni poyera kuti akugula boti la zaka zochepa, asadzakunyozeni pa doko.

Posankha, tembenuzani thabwa lililonse. La mfundo zazikulu likaneni. La mizere yodutsa chopingasa m'malo moyenda m'litali lidzathyoka popinda. Pa mlombwa pamakhala choyera cha kunja kwa mtima. Chimenecho chichekeni n'kutaya ngakhale mtima ukupweteka, chifukwa chimafumbwa ndi kuwola pamene chofiiracho chikadali chatsopano. Matabwa a khungu akhale ochindikala masentimita 2 mpaka 2.5 atapalidwa.

Kenako aumitseni. Asanjeni pamthunzi podutsa mphepo, osati padzuwa, atakwezedwa kuchoka pansi, timitengo tofanana tili pakati pa thabwa ndi linzake, pamwamba mutatsindira miyala. Kumapeto kwa matabwa pakani penti kuti kusang'aluke. Kutentha kwa Mangochi kumathandiza, komabe mlombwa wocheka kumene muupatse miyezi ingapo. Mwini boti adzabwera tsiku ndi tsiku kudzanena kuti usipa wagwa ndipo anzake akupha ndalama. Musamvere. Thabwa laliwisi likakhomedwa limafotera pa boti, mipata imatseguka yoti chala n'kulowa, ndipo mlandu umakhala wa mmisiri. Kudziwa ngati lauma n'kosavuta: gogodani ndi chibakera, louma limalira ngwee, laliwisi limangoti phu. Kapena yezani thabwa limodzi pa sikelo sabata ndi sabata. Likasiya kupepuka, lafika.

Nthiti zabwino kwambiri ndi za nthambi zokhota mwachilengedwe, chifukwa mizere ya mtengo imatsata kukhotako. Mukacheka nthiti yokhota kuchokera m'thabwa lowongoka, imathyokera pakona. Zokhota zikasowa, lumikizani zidutswa ziwiri zowongoka, n'kuzimanga ndi kachidutswa kachitatu pakonapo ndi mabawuti.

Chachitatu, goneka msana

Sankhani malo olimba, a mthunzi, okwera ndithu kuchoka kumadzi. Amene anaona nyanja ikulowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo mu 2024 sangakhomere boti pamchenga wa m'mphepete. Ngati palibe mtengo wa mango, mangani chisakasa.

Zikani zitsa zinayi kapena zisanu pamzere umodzi, muziyeze ndi levulo. Pamwamba pake gonekani msana, mtengo umodzi wowongoka wopanda cholumikiza, wa masentimita 7 kapena 8 m'lifupi ndi 12 mpaka 15 kuchindikala kwake kopita m'mwamba. Kokani chingwe kuchokera nsonga ina kufika ina, jambulani mzere wa pakati, ndipo khomererani msanawo ku zitsa kuti usasunthe. Mzere umenewu ndiwo mudzaufunse chilichonse mpaka boti litatha. Msana ukakhota ndi chala chimodzi chokha, botilo lidzakhala lokokera mbali imodzi moyo wake wonse, ndipo woyendetsa adzatopa mkono osadziwa chifukwa chake.

M'mbali zonse ziwiri za msana semani kangalande ndi tchizulo. M'menemo ndimo mudzalowe mphepete ya thabwa loyamba.

Chachinayi, mphuno ndi thako

Mtengo wa kumphuno uimikeni mopendekera kutsogolo, muumange ku msana ndi bondo, chidutswa chokhota ngati chigongono, ndi mabawuti odutsa mbali zonse. Lendewetsani chingwe cha mwala kuchokera pansonga pake. Mwalawo ugwere pa mzere wa pakati ndendende. Kangalande ka pamsana kapitirire mpaka pamwamba pa mphuno.

Pali kachinthu kamodzi kamene ongoyamba amaiwala. Pamene msana wakumana ndi mphuno pamatsala mzere umene madzi amatsata mpaka kulowa m'kati, ndipo thonje lotsekera mipata silifikapo. Boolani kabowo kopingasa pamzerewo, m'kati mwa kangalande kaja, n'kukhomamo kamtengo kozungulira ka paini wouma gwa. Kakamwa madzi kamatupa n'kutseka njira. Ndi ntchito ya mphindi khumi, koma mukaidumpha mudzasaka pochucha chaka chonse osapapeza.

Thako ndi thabwa lochindikala, masentimita 4 kapena 5, poti ndilo limasenza injini ndi kunjenjemera kwake. Lipendekere kumbuyo pang'ono. Musanalicheke funsani kuti injini yake ndi ya mwendo waufupi kapena wautali: waufupi umafuna thako la masentimita 38 kuchokera pansi pa boti kufika pokoleka injini, wautali 51. Mukaphonya, pulopela imadya mpweya kapena imamira kwambiri n'kumangotha mafuta.

Chachisanu, nthiti

Yambani ndi nthiti ya pamimba, yotambalala kuposa zonse, kenako ina pakati pa mimba ndi mphuno, ina pakati pa mimba ndi thako. Mbali ziwiri za nthiti iliyonse zichekedwe pa chikombole chimodzi kuti zifanane. Mukaimika, yezani ndi tepi kuchokera pansonga ya mphuno kufika kumapeto kwa nthiti kumanja, kenako kumanzere. Miyeso iwiriyo ikasiyana, nthitiyo yapotoka, konzani pompo.

Tsopano tengani timatabwa tating'ono, tatitali, topindika mosavuta, mutikhomere mongogwirizira kuchokera kumphuno, kudutsa pa nthiti zitatuzo, mpaka kuthako, tinayi kapena tisanu mbali iliyonse. Apa boti limaoneka koyamba. Bwererani m'mbuyo, njutani, muyang'ane ndi diso limodzi. Amalume ankatha theka la tsiku akuzungulira mafupa amenewa, fodya ali kukamwa, osakhudza chida chilichonse. Ine ndinkaona ngati ulesi. Iwo ankasaka pamene mzere wafutuka kapena walowa, chifukwa pa timatabwati kukonza n'kuzula msomali umodzi, pamene khungu likavala n'kuphwasula boti.

Mzere ukakoma, dzazani nthiti zotsalazo motsata timatabwato, motalikirana masentimita 30 mpaka 40. Nkhope ya nthiti iliyonse muipale mopendeka kuti thabwa lidzagone ponse, osati kungokhudza pakona. Kumphuno ndiko kumafuna kupala kwambiri. Pansi pa nthiti iliyonse, pambali pa msana, dulani kampata koti madzi a m'boti azidutsa kupita malo amodzi okapira.

Chachisanu ndi chimodzi, kuveka khungu

Thabwa loyamba, logundana ndi msana, ndilo lovuta kuposa onse. Pamimba limagona chafufumimba, likamafika kumphuno limadzuka n'kuima. Louma silingalole kupotoka chonchi, liyenera kuphikidwa.

Ife tinkachita motere. Diramu ya madzi pamoto, paipi yochokera pa diramu kulowa m'bokosi lalitali la matabwa, kukamwa kwa bokosi kotseka ndi ziguduli. Lamulo lake ndi ola limodzi pa masentimita 2.5 a kuchindikala, kuwerenga kuyambira pamene nthunzi yayamba kutuluka mwamphamvu. Bokosi lisatsekedwe kotheratu, nthunzi izipeza potulukira. Nthawi ikakwana palibe kucheza. Ndimakumbukira tsiku langa loyamba: amalume anasolola thabwa ndi ziguduli m'manja, likufuka, n'kukuwa kuti, "Iwe, gwira kumchira, thamanga!" Ine ndinaima kaye kufuna popondera. "Amalume, likuwotcha!" Iwo anati, "Likazizira ulipinda ndi mano ako?" Mphindi ziwiri kapena zitatu zokha ndi zimene thabwa limakhala lofewa. Yambirani kumphuno kumene kupotoka n'kwakukulu, panani ndi zopanira nthiti ndi nthiti kubwerera m'mbuyo, mulisiye usiku wonse. Mawa lake lichotseni, mulipale mpaka likhale bwino m'kangalande, pakani penti kapena phula pomwe ligone, ndiye mukhome.

Mukakhoma thabwa kumanja, lotsatira likhale la kumanzere. Mukamaliza mbali imodzi yonse kaye, matabwa amakoka mafupa a boti n'kulipotoza. Amisiri ambiri akaika awiri apansi amakhoma lapamwamba penipeni kuti limange nthiti, kenako n'kumadzaza pakati. Matabwa sakhala ofanana m'lifupi: pamimba ndi otambalala, kumphuno ndi kuthako amawonda. Gawani kutalika kwa nthiti iliyonse ndi chiwerengero cha matabwa, lembani zizindikiro, muzitsata zimenezo.

Mphepete za matabwa zigundane m'kati mwa boti, koma kunja musiye kampata kooneka ngati V, ka mamilimita 2 kapena 3. Ndi nyumba ya thonje imeneyo. Thabwa likaperewera kutalika, lumikizani pakati pa nthiti ziwiri, ndi chidutswa chochirikiza kumbuyo kwake, ndipo zolumikiza za matabwa oyandikana zisakhale pamalo amodzi. Zibalalitseni ngati mmene womanga nyumba amasemphanitsira njerwa.

Misomali wamba ya denga musaiyandikize. Imachita dzimbiri, dzimbirilo limadya thabwa mozungulira, ndipo tsiku lina thabwa limangosomphoka. Gulani yokutidwa ndi zinki, kapena ya mkuwa ngati thumba likulola, koma musasakanize mitundu iwiriyi pa boti limodzi chifukwa m'madzi zimadyana. Boolani kaye ndi dirilo yocheperako pang'ono kuposa msomali, makamaka kumapeto kwa thabwa. Misomali iwiri pa nthiti iliyonse, mitu yake imire pang'ono. Ikatulukira m'kati, wina agwirizire hamala yaikulu pamutu kunja, inu mupinde nsonga kubwerera m'nthiti.

Chachisanu ndi chiwiri, thonje ndi phula

Palani khungu lonse lisalale, sesani fumbi m'mipata. Potani thonje likhale ngati chingwe chofewa, mulilowetse m'mipata ndi tchizulo chobuntha ndi nyundo ya mtengo. Lidzaze theka la kuya kwa mpata, pamwamba patsale malo a phula.

Pano ndinapsapo. Linali boti loyamba limene amalume anandisiyira kuti nditseke ndekha, mwezi wa Okutobala, dzuwa lili phwee, matabwa atauma mpaka kulira. Ndinafuna kuwaonetsa kuti boti langa silidzalowa ngakhale dontho, ndiye ndinakhoma thonje ndi mphamvu zanga zonse mpaka tchizulo kumadumpha. Tsiku loligwetsera m'madzi silinachuche, ndipo ndinayenda chodzikweza pa doko ponse. Tsiku lachitatu matabwa atamwa madzi anasowa kotupira. Limodzi la pansi linafutuka n'kuzula misomali pa nthiti ziwiri, boti n'kukhala pansi m'madzi ofika m'chiuno. Amalume anayang'ana, anayang'ananso ine, n'kuti, "Mwana iwe, safunsa anadya phula." Mawu ena sanawonjezere, koma thabwalo ndinalilipira ndi malipiro anga.

Choncho matabwa akakhala ouma kwambiri, thonje lilowe mogwira koma mosakakamiza. Khutu lidzakuuzani: nyundo ikamalira mofewa pitirizani, ikayamba kulira mouma lekani. Boti latsopano kuchucha pang'ono tsiku loyamba si vuto.

Pamwamba pa thonje pakani penti wa mafuta, akauma tsekani ndi pate (phala lomatira mipata) kapena phula losungunula. Phula lisungunulireni patali ndi boti ndi zipalo za matabwa, mchenga uli pafupi. Likayaka musathire madzi, limathovoka n'kukuwotchani. Vundikirani kapena thirani mchenga. Mitu ya misomali itsekeninso ndi pate.

Chachisanu ndi chitatu, zam'kati

Mipando si yongokhalira. Ndiyo imagwira mbali ziwiri za boti kuti zisakanuke kapena kupanikizana. Khomani thabwa lalitali m'kati motsata nthiti, mipando ikhale pamenepo, ndipo uliwonse umangidwe ndi mabondo. Pamilomo ya boti ikani matabwa awiri, kunja ndi m'kati, opana mitu ya nthiti. Lakunjalo likhale losalala poti ukonde umakhulapo usiku uliwonse. Makona a kuthako nawo amafuna mabondo. Pansi yalani matabwa opondapo ochotseka, kuti muzitha kutsuka mamba ndi mchenga. Kunsi kwa msana khomani kathabwa kena kotha kusintha, kazidyeka ndi mchenga m'malo mwa msanawo.

Penti: woyamba wosungunula kuti alowe m'thabwa, kenako awiri ena. M'nyanja yathu mulibe nyongolotsi zoboola matabwa zija za m'nyanja za mchere, koma madzi opanda mchere amawoletsa thabwa msanga, makamaka a mvula akakhazikika m'makona mosapita mphepo. Ndiye musapange timabokosi totsekeratu kumphuno. Dzina la boti ndi mawu a m'mbali musiyireni mwini wake, ena amalemba vesi, ena zonyoza adani awo.

Kuligwetsera m'madzi

Yalani mitengo yozungulira, itanani anthu a pa doko, mulikankhe mphuno ili kumadzi. Limangeni pamalo osaya, lopanda injini, masiku awiri kapena atatu, muzikapa ndi chigubu chodula m'mawa ndi madzulo uku mukuona ngati madzi akuchepa. Kumbali ya Shire ndi Malombe musatume mwana kukakapa chakumadzulo, kuli ng'ona. Pofika tsiku lachitatu mipata imakhala itadzitseka yokha. Pakatsala pochucha, lembanipo ndi choko, mulikokere kumtunda, muwonjezere thonje pamenepo pokha.

Kenako liyeseni ndi katundu. Ikani migolo ya madzi kapena matumba a mchenga olemera ngati ukonde wonyowa ndi anthu ake, muone kuti milomo yatsala patali bwanji ndi madzi, ndipo jambulani mzere wa penti pamene mwini boti sayenera kupyola. Kolekani injini, yendani pafupi ndi gombe mutavala majekete oyandamitsa, siyani chiwongolero pang'ono muone ngati likuyenda mowongoka. Mwini wake akalembetse boti ku Dipatimenti ya Marine, ndipo ngati ndi la usodzi akatenge chiphaso ku ofesi ya zausodzi (Fisheries) ndi kudziwitsa a BVC, komiti ya asodzi ya pa doko lake. Wachinyamata wofuna kuzama pa zamaboti ndi usodzi akafunse ku koleji ya zausodzi ku Mpwepwe, ndi konkuno.

Pomupatsa boti, muuzeni za nyengo yotseka usodzi kumapeto kwa chaka, poti imagwa nthawi imene dzuwa la Mangochi lili pachimake. Asalisiye pamchenga poyera milungu yonseyo. Likhale m'madzi, kapena pamthunzi litakwezedwa pamitengo, atafundika ziguduli zimene mwana azizinyowetsa m'mawa uliwonse asanapite kusukulu.